Kapeti Yowoloka Malire

Munthu amene dera lonse linkamutcha Chidindo sanali wopsa mtima chisawawa. Dzinali analipata chifukwa cha pasipoti yake, imene inadzaza zidindo mpaka akuluakulu a pamalire ankasowa pomenya. Anayamba ndi kusenza matumba, n'kukhala dalaivala wa malole ataliatali, ndipo msewu utamukwana anatsegula sitolo yakeyake ya simenti, malata, misomali ndi penti. Ankakonda kunena kuti munthu amene anagonapo kunsi kwa lole, m'dziko limene madzi amauma gwa m'chidebe chifukwa cha kuzizira, sangatekeseke ndi tinthu ting'onoting'ono. Koma Loweruka limenelo anakwiya mpaka sikelo ya misomali inanjenjemera pakauntala.

Mwana wake wamkazi, mzime wa m'nyumba mwake, analowa m'sitolomo atabereka mwana, chikwama cha zovala chili m'manja. Kamwanako kanali kongoyamba kumene kukwawa, ndipo kakamapuma pankamveka kaphokoso ngati ketulo imene yatsala pang'ono kuwira.

"Kwagwanji, mwanawe?" anafunsa Chidindo.

"Tikuchokera kuchipatala, bambo. Adokotala akuti akubanika. Atipatsa mankhwala, koma andifunsa ngati m'nyumba mwathu muli chinyezi."

"Nanga chikwamachi?"

Mtsikanayo anazyolika. "Apongozi akuti ndibwere kuno kaye, mundiphunzitse kusamala m'nyumba. Akuti khoma lachita nkhungu chifukwa cha uve wanga, ndipo uve womwewo ndi umene ukudwalitsa mdzukulu wawo."

Chidindo anavula magalasi.

"Uve? Mwana wa ine? Mawu amenewo anawayankhulira kuti?"

"Pampopi. Amayi onse a mumzere mwathu analipo."

Pamenepo m'pamene Chidindo anaona manja a mtsikanayo. Anali osupuka, zala zitang'ambikang'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Manja otero ndi a munthu wauve? Chidindo anamva magazi akuwira mpaka m'makutu.

"Pita kunyumba kwa amayi ako, ukagoneke mwana. Usabwerere kumeneko mpaka ine nditanena."

Anakweza makwerero m'galimoto yake ya bokosi kumbuyo, n'kuponyamo burashi yolimba, chopalira penti, magolovesi, nsanza zouma ndi chigubu cha viniga. Sitolo anaitseka makasitomala akuona. Wina atadandaula kuti akufuna misomali, anamuyankha kuti nyumba yake sigwa lero.

Mayi amene anatchula mawu aja anali wamasiye, ndipo anagwira ntchito yoyang'anira atsikana pasukulu yogonera komweko mpaka kupuma. Anthu ankangowatchabe Ametironi. Anali mayi woti akalowa m'nyumba mwako amayamba wapititsa chala pamwamba pa chitseko asanakupatse moni. Iwo ankakhala m'nyumba yaikulu yakutsogolo, ndipo mwana wawo ndi mkazi wake anawapatsa zipinda ziwiri zakuseri.

Chidindo anawapeza pakhonde akupukuta miphika ya maluwa.

"Takulandirani, asewere," anatero Ametironi, maso ali pa makwerero. "Mwamva kuti kuno kuli zipatso zoti muthyole?"

"Ndabwera kudzaona uve wa mwana wanga, asewere. Ndamva kuti ndi wautali, ndiye ndati mwina ufunika kukwerera."

"Choonadi chimawawa. Tiyeni mukaone nokha."

Pakhomo la kuseriko panaima mkamwini wake, mnyamata wofatsa wokonza mafoni ndi mawotchi, atazizidwa ngati nkhuku yovumbwidwa ndi mvula. Anawerama n'kupereka moni ndi manja awiri. Chidindo anangoti "mhm" n'kuvula nsapato.

Nsapatozo anavula chifukwa cha kapeti. Kapeti imeneyo inali mphatso yake ya paukwati, yofiira, yaubweya wautali woti phazi limamira. Anaiona koyamba m'hotela ina ya kudoko, kutali kwambiri, n'kulumbira kuti mwana wake adzapondanso chinthu chotere. Anaigula, anaikulunga, anayenda nayo kuseri kwa mpando wake kudutsa malire ndi malire, akukangana ndi asilikali amene ankafuna kuitambasula pafumbi. Ataifikitsa anaiyala yekha, kuchokera khoma ili mpaka khoma ilo. Kuyambira pamenepo, mnzake aliyense wa pamsewu akabwera kudzamuchezera ankamutengera kuno kuti adzaponde. Ngakhale tsikuli, mtima uli m'mwamba chonchi, ataiponda anamva kufewa ndi kuzizira bwino kumapazi, ndipo anati chamumtima: katundu weniweni sakalamba.

Koma mphuno yake inanena zina. M'chipindamo munkanunkha ngati thumba la nsapato zonyowa limene laiwalika m'galimoto. Chingwe chinadutsa pakati, chitalemera ndi matewera osauma. Mawindo anali otseka, makatani ochindikala atakokedwa. Timabowo tolowera mpweya pamwamba pa mawindo tinali totsekedwa ndi nsanza. Ndipo khoma la kumutu kwa bedi linali ndi mawanga akuda, okwera kuchokera pansi, otambalala ngati mapu a mayiko amene iye sanafikeko. Penti inali itatupa matuza.

"Mwaona?" anatero Ametironi. "Ndapakitsapo penti yamafuta, yabooka. M'mawa uliwonse ndimaima pomwe mwaimapo, iye n'kumatsuka khomali ndi madzi ndi sopo. Akatsuka lero, mkuja yabwerera. Dzanja laulesi silibisika, asewere. Ine ndalera atsikana ambirimbiri, ndimadziwa."

Chidindo anatembenuka pang'onopang'ono.

"M'mawa uliwonse?"

"Osadumphitsa."

"Ndi madzi?"

"Ndowa yodzaza. Mumafuna azitsuka ndi mchenga?"

"Akatha kutsuka, mawindowa mumatsegula?"

"Kuti mwana alowedwe mphepo? Inu abambo, kodi munalerapo mwana?"

Apa ndiye Chidindo anaphulika.

"Mayi inu, simukutsuka ayi, mukulima! Ili ndi dimba, ndipo mwana wanga mwamusandutsa wothirira! Nkhungu si dothi loti lagwera pakhoma. Ndi chinthu chamoyo, chimamera, ndipo chakudya chake ndi chinyezi. Inu m'mawa uliwonse mumachipatsa ndowa yathunthu, kenako n'kuchitsekera mawindo kuti chisazizidwe. Ngakhale mlendo wolemekezeka sasamalidwa chonchi!"

"Musandikalipire pakhomo panga."

"Pakhomo panu pali mdzukulu wanga! Ine ndanyamulapo nsalu kuchokera kudoko, m'chibokosi chachitsulo chotseka kuti ndi. Kunja kulibe mvula ngakhale dontho, koma titatsegula tinapeza denga lake likudontha thukuta ngati munthu wolima. Nsalu zonse mawanga okhaokha. Chinthu chilichonse chotsekeredwa chimatuluka thukuta, asewere, kaya ndi lole, kaya ndi nyumba. Anthu akupuma muno, matewera akuuma muno, ketulo ikuwira muno. Madzi onsewo mumati azitulukira kuti? Pachibowo cha kiyi?"

Ametironi anapinda manja pachifuwa. "Matewera akayanikidwa panja amadzaza fumbi la mumsewu."

"Fumbi timakutumula. Nkhungu ikalowa m'chifuwa mwa mwana mukaikutumula bwanji?"

Sanadikire yankho. Anamanga nsalu kukamwa ndi kumphuno, ina n'kuponyera mkamwini.

"Valani, akamwini. Magolovesi ndi awo. Lero mukonza chinthu chachikulu kuposa foni."

Mawindo anali atamatirira ndi penti, moti anachita kuwamenya ndi chikhatho kuti atseguke. Anazula nsanza za m'timabowo tija, kuwala n'kulowa ngati kwaitanidwa. Matewera onse anapita pachingwe cha panja. Atakankha kabati ya zovala, imene inali itagunda khoma, anapeza kuseri kwake kuli bii, ndipo nsapato za paukwati za mkamwini zinali zitamera ubweya wotuwa.

"Kabati siipsompsona khoma," anatero Chidindo. "Muzisiya mpata woti dzanja lilowe, mphepo izidutsa. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

Anatuluka n'kuimika makwerero kuseri kwa nyumba. Ngalande ya padenga yotengera madzi a mvula inali yodzaza masamba owola, ndipo mzere wobiriwira unatsika pakhomapo kusonyeza njira imene madzi ankayenda nyengo yonse ya mvula. Anakokolola zonsezo ndi manja, akuponya pansi, akukuwa ali pamwamba pomwepo kuti oyandikana nawo amve.

"Uve wa mwana wanga ndaupeza, asewere! Unakwera padenga!"



Atabwerera m'kati anapala penti yotupa ija mpaka simenti inaoneka. Anawaza viniga pamawangapo, anadikira kuti alowerere, kenako iye ndi mkamwini anakwecha ndi burashi, akupukuta ndi nsanza zouma. Ametironi atabwera ndi botolo la jiki, mankhwala oyeretsera zovala aja, kuti athiremo, Chidindo anatsekereza ndi mkono.

"Ziwirizi sizisakanizidwa. Mpweya wake ungatigwetse tonse muno. Ndipo penti musaitchulenso mpaka khomali litauma mpaka m'kati."

Kenako anayamba kusankha katundu. Zovala, zochapa ndi kuyanika padzuwa. Nsapato, zopukuta. Makatoni a pansi pa bedi, kudzala. Atafika pa pilo wina wopetedwa maluwa, anamununkhiza, anang'amba pang'ono msoko n'kuona thonje lakuda m'kati.

"Uyunso kudzala."

"Ameneyo ndinasoka ndekha!" anakuwa Ametironi. "Ndi wa mwana. Tingomuchapa."

"Mverani, asewere, lamulo la katundu ndi limodzi padziko lonse lapansi, ndipo ine dzikoli ndalizungulira. Cholimba timakwecha. Chofewa, nkhungu ikangolowa mpaka m'kati, n'chotaya basi. Kaya anasoka ndani, kaya chinachokera kuti."

Pilo anauluka kudzera pawindo.

Dzuwa litapendeka, mphepo inali ikuyenda m'zipindamo ngati mwini nyumba. Khoma linali lotuwa, lopanda mawanga. Chidindo anakhala pampando pakati pa kapeti yake, anatambasula miyendo, n'kumasula nsalu ya kumphuno.

"Tsopano, asewere, tikambirane. Mawu aja munawatayira pampopi. Mukawatole pampopi pomwepo, amayi omwe aja akumva. Mukanene kuti mwana wanga si wauve."

Ametironi anaima pakhomo. Sanayang'ane iye. Anakweza mphuno, ija inkagwira sokosi yobisidwa kunsi kwa matiresi m'chipinda cha atsikana ambirimbiri, n'kukoka mpweya.

"Fungo lija lapita?"

Chidindo ananunkhiza. Ananunkhizanso. Pansi pa fungo lowawasa la viniga, lija la nsapato zonyowa linalipobe, lili phee ngati mlendo wokana kutsanzika.

"Ndi khoma, silinaumitse," anatero.

"Khoma lili uko. Fungo lili apa." Ametironi analoza pansi ndi chala chakuphazi. "Mwati ndowa yanga inkathirira dimba. Chabwino. Nanga madziwo akatsika pakhoma ankathera kuti? Ine ndinanena kalekale kuti chinsanza ichi chichoke, pansi pazikolopedwa ngati m'nyumba za anthu. Mwana wanu anagwada n'kulira. Akuti ndi mphatso ya bambo."

"Chinsanza? Mukutcha chinsanza kapeti imene..."

Mawu anamuthera, chifukwa anazindikira kuti masokosi ake anyowa. Kuzizira kuja ankakuyamikira polowa sikunali kwa katundu weniweni ayi.

Anagwada pakona, anagwira m'mphepete n'kukoka. Kapetiyo inamatuka ndi kaphokoso konyansa. Kunsi kwake kunali kwakuda, koterera, kokhala ndi timadontho toyera ngati ufa, ndipo simenti inali kunyezimira ndi madzi. Fungo limene linatuluka pamenepo linamubweza chagada. Anakokanso, mpaka pakati pa chipinda. Monsemo zinali chimodzimodzi. Ndipo pamwamba pa zimenezi, pa ubweya wofiira wokongolawo, m'pamene mdzukulu wake ankakwawa tsiku lonse, mphuno ili pansi.

Anayang'ana mkamwini. "Inu munkadziwa?"

"Tinkamva fungo, bambo. Tinavundukulapo pakona kamodzi."

"Ndiye?"

"Tinabwezeretsa. Tinkaopa kukukhumudwitsani. Paja mumabwera ndi alendo kudzawaonetsa."

Chidindo anadzuka, ndipo mkwiyo wa m'mawa uja unaoneka ngati masewera.

"Kundikhumudwitsa? Ine? Munandiyeza pasikelo, mbali iyi mtima wanga, mbali iyo chifuwa cha mwana, n'kupeza kuti wolemera ndi mtima wanga? Kodi ndine dzira? Ine anandilozapo mfuti pamalire, ndinagwerapo m'phompho ndi lole yodzaza, ndinatuluka ndikuseka! Ndiye ndikanafa ndi mawu akuti bambo, kapeti yanu yawola? Nyumba yonseyi anthu akuluakulu, wina akuthirira khoma, wina akubisa zowola, wina akulira mwaulemu, mwana akubanika pakati panu! Ulemu wanji wopha mwana umenewu?"

Panja matewera ankakupizidwa ndi mphepo.

"Mwina tikaiyanika padzuwa masiku angapo," anatero mkamwini motsitsa mawu, "n'kuikwecha bwinobwino ndi viniga uja..."

Chidindo anayang'ana kapetiyo. Pamwamba inali ikadali yofiira ngati tsiku limene anaiona koyamba. Anakumbukira mmene anaitchinjirizira ku mvula ndi jekete lake lomwe, iye n'kunyowa. Mwina dzuwa la masiku angapo likanathandizadi. Mwina pakati pokha pakanapulumuka, kachidutswa koyala kutsogolo kwa bedi.

"Cholimba timakwecha," anatero Ametironi, akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga pamenepo. "Chofewa n'chotaya basi. Kaya anasoka ndani, kaya chinachokera kuti. Ndinamva kwa munthu wina amene anazungulira dziko."

Chidindo anamanganso nsalu kumphuno, anapisa m'thumba n'kutulutsa mpeni wake wopinda, umene unadula zingwe za katundu m'mayiko onse aja.

"Lolemba m'mawa, pampopi," anatero.

"Mukayamba inu ndi kapetiyo, ine nditsiriza pampopi," anayankha Ametironi.

Anabaya pakati penipeni. Anaidula m'mizeremizere kuti isakhalenso ndi woitola, mkamwini akukulunga zidutswazo n'kumaziika m'matumba. Ntchitoyo anaigwira mwaukali, akutukwana wogulitsa wa kudoko uja amene sanamuuze kuti kapeti yotere imafuna pansi pouma, akutukwana ngalande, akutukwana penti yamafuta. Kapeti imene asilikali a pamalire analephera kuitambasula inachoka pamalopo itakwera kumbuyo kwa galimoto, limodzi ndi makatoni ndi pilo wa maluwa, ulendo wa kudzala.

Lolemba Ametironi anati adikire kaye, sangakayankhule za mpongozi mwini wake palibe. Chidindo anavomera monyinyirika, chifukwa iyenso anakana kuti mwana abwerere simenti isanaume. Tsiku lililonse ankabwera kudzagwira khoma ndi pansi, kuona ngati mawindo ndi otsegula, ndi kusuzumira m'timabowo tija kuti mwina nsanza zabwereramo. Kunyumba kwake, mankhwala a kuchipatala ndi mpweya wouma zinkagwira ntchito yake, ndipo ketulo ija m'chifuwa mwa kamwanako inayamba kuzirala.

Tsiku limene chikhatho chake chinabwerako chouma, anakweza mwana wake ndi mdzukulu m'galimoto n'kukaima pampopi penipeni, nthawi imene amayi amakhala atandanda ndi ndowa zawo. Ametironi anatuluka atavala ngati akupita kukalandira alendo. Anaima mowongoka, anakonza kukhosi, ndipo mpopi womwe unatsekedwa kuti anthu amve.

"Amayi, tsiku lija ndinayankhula pano za mpongozi wangayu. Ndabwera kudzakonza. Mwanayu si wauve. Manja akewa ndi mboni, ndipo ndowa imene inawasupula inali yanga." Anapuma pang'ono, n'kuponya diso kwa Chidindo. "Koma uve weniweni unali kunsi kwa kapeti ya bambo ake. Ija yowoloka malire ija. Ena mwa inu anakuvulitsani nsapato kuti muiponde."

Amayi aja anafa nacho chiseko. Wina anachita kukhala pandowa yake.

Chidindo anatupa ngati finye. Mawu anadzaza m'kamwa: za ngalande, za mawindo, za dimba lothiriridwa m'mawa uliwonse. Anakweza chala kuti ayambe. Koma anaona mwana wake akuseka, kuseka kwenikweni, atagwira pakamwa ndi dzanja limene linali litayamba kupola, ndipo Ametironi anali atamulandira kale chikwama cha zovala chija. Anatsitsa chalacho, anawerama, n'kuika khutu pamsana pa kamwana kamene kanali m'tulo kumbuyo kwa mayi ake. Anamvetsera. Munalibe mluzu, munalibe ketulo. Kankangopuma, kulowetsa ndi kutulutsa, mwakachetechete.

Anawongoka n'kutembenukira amayi aja.

"Sekani, sekani," anatero. "Koma pakati panu ponsepa, ndani anatayapo kudzala kapeti yamtundu umene uja? Ndipo inu a nyumba yachitatu, mawindo anu ndawaona ndi otseka. Ndikubwera ndi makwerero."